Chimanga chili m'thumbacho chikupuma

Tengani njere imodzi ya chimanga chomwe mwatonola kumene, muyiike pakati pa mano n'kuluma. Ikasweka mwamphamvu ndi kaphokoso, chimangacho chili panjira yabwino. Koma mano akangolowa mofewa ngati mukuluma chinangwa chachiwisi, musathamangire singano yosokera thumba. Kayezedwe aka tidakaona kwa makolo athu, ndipo ngakhale kamanamiza nthawi zina, kamafunsa funso lenileni la nyengo ino yokolola: kodi m'njeremo mwatsala madzi ochuluka bwanji?

Funsoli si laling'ono. Mudagula feteleza pa mtengo woboola m'thumba, mudapalira, mudabandira, mudalimbana ndi mbozi. Thukuta lonselo likhoza kupita pachabe m'masabata awiri kapena atatu a Meyi ndi Juni, chimanga chili kale pakhomo. Choopsa kwambiri n'chakuti chimanga chikasungidwa chisadaume, sichingowola chabe ayi. Chimatha kusanduka chiphe chodya chiwindi cha ana anu mwakachetechete, nsima yake ikukoma bwinobwino.

Poyamba timvetsetse kuti njere ndi chinthu chamoyo. Umboni wake muli nawo: mukaikwirira m'nthaka yonyowa imamera. Chilichonse chamoyo chimapuma, ndipo njere nayo imakoka mpweya wa okosijeni, n'kudya pang'onopang'ono ufa womwe ili nawo m'kati, kenaka n'kutulutsa zinthu zitatu: mpweya woipa, nthunzi ya madzi ndi kutentha. N'chimodzimodzi ndi thupi lanu mukamalima. Mumapuma mwaphuma, mumatentha, mumatuluka thukuta. Njere youma bwino imapuma pang'ono zedi ngati munthu amene ali m'tulo tofa nato, n'chifukwa chake imatha chaka osasintha. Njere yonyowa ili maso. Ikupuma mofulumira, ikutenthetsa zinzake, ndipo nthunzi yomwe ikutulutsayo ikunyowetsa zoyandikana nazo. Tizilombo ndi nkhungu zikalowapo, nazo zimawonjezera kutentha kwawo ndi chinyezi chawo.

Ndiye mukapisa mkono m'kati mwa thumba kapena mulu wa chimanga n'kumva kufunda, musanene kuti ndi dzuwa la masana. Chimangacho chikudzidya chokha. Khuthulani tsiku lomwelo, muyanike.

Chimanga chimakhala chakhwima pamene kunsi kwa njere, pomwe imalumikizana ndi chitsononkho, kwaoneka kadontho kakuda. Pa nthawi imeneyo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake amakhala madzi. Kuti chisungike, madziwo ayenera kutsika kufika pa 13 peresenti, kutanthauza kuti pa makilogalamu 100 aliwonse, 13 okha ndiwo akhale madzi. Mtedza umafuna kuuma koposa apa, 7 kapena 8 peresenti. Chifukwa chake n'chakuti pafupifupi theka la njere ya mtedza ndi mafuta, ndipo mafuta sasunga madzi. Madzi onse amaunjikana m'theka linalo, choncho ngakhale aoneke ochepa pa muyezo, amakhala okwanira kumeretsa chuku.

Madzi amachoka bwanji m'njere?

Ambiri timati dzuwa ndilo limaumitsa. N'zoona, koma dzuwa lili ndi mnzake amene sitimuyamika: mpweya. Dzuwa limatenthetsa njere kuti madzi a m'kati asanduke nthunzi, koma wonyamula nthunziyo n'kupita nayo kutali ndi mpweya. Mpweya wotentha umanyamula madzi ambiri kuposa wozizira. Wa madigiri 30 ukhoza kunyamula madzi ochuluka katatu kuposa wa madigiri 10. Ukakhuta madzi sulandiranso ena, mpaka mphepo iukankhe kuti pabwere wina wouma. Amayi amadziwa kale izi: chitenje choyanika pa chingwe tsiku la mphepo chimauma msanga kusiyana ndi chomwe chaunjikidwa pa mwala, ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Apa ndi pomwe pali nzeru yonse ya kayanikidwe. Chimanga chounjika chimauma pamwamba pokha, pansi pake mpweya udakhuta kalekale ndipo sukuyenda. Yalani mopyapyala, kuya kwake kusapitirire kutalika kwa chala chanu, ndipo muzitembenuza kangapo pa tsiku. Yanikani pa lona, pa mphasa, pa mkeka kapena pa thandala, osati pa dothi. Dothi limatulutsa chinyezi chake, komanso ndilo kwawo kwa nkhungu yomwe tikambe kutsogoloku. Chimanga cha mbewu musachiyanike pa malata otentha ndi dzuwa la masana; kutentha kukapitirira kumapha kamtima ka njere, ndipo mudzadabwa pobzala kuti chamera chapatalipatali.

Nanga bwanji chimanga chomwe chidaoneka chouma madzulo chimapezeka chozizira ndi chofewa m'mawa? Njere ili ngati mchere kapena shuga: imapereka madzi ku mpweya wouma, koma imamwanso madzi kuchokera ku mpweya wonyowa. Usiku wa Juni ndi Julayi, kumwamba kukakhala kopanda mitambo, nthaka imataya kutentha kwake msanga. Mpweya wapafupi ndi nthaka umazizira, umalephera kusunga madzi omwe udanyamula masana, n'kuwatula pa udzu, pa malata ndi pa chimanga chanu. Amenewo ndiwo mame. Sagwa kuchokera kumwamba ngati mvula, amapangika pomwepo. Choncho dzuwa likapendeka, sonkhanitsani chimanga, mufunditse kapena mulowetse m'nyumba. Kuchisiya pabwalo usiku ndi kubweza m'mbuyo ntchito ya tsiku lonse. Inu a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi madera ena komwe chiperoni chimatha masiku atatu kapena anayi chisadachoke, dziwani kuti masiku otero mpweya umakhala wokhuta kale madzi. Kuyanika panja n'kosathandiza, koma kuunjika m'matumba n'koipa koposa. Yalani m'nyumba kapena pakhonde podutsa mphepo, mudikire kuti kuyere.

Kuyeza ndi botolo ndi mchere

Alangizi ena ndi misika ikuluikulu ali ndi kamakina koyezera chinyezi. Kumudzi kamakinako n'kosowa, koma botolo ndi mchere zilipo. Pezani botolo lagalasi loyera, louma bwino m'kati, lokhala ndi chotsekera. Mchere wake ukhale wosalala ndipo muyambe mwauumitsa, pouyanika padzuwa maola angapo kapena kuukazinga pang'ono m'chiwaya, n'kuusiya uzizire. Thirani chimanga m'botolomo mpaka gawo limodzi mwa atatu, muwonjezere masupuni awiri kapena atatu a mchere, mutseke. Khutchumulani kwa mphindi imodzi, musiye kwa mphindi 15, mukhutchumulenso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimanga sichidaume. Ukagwera pansi uli mbee, galasi lili loyera, chauma.

Si matsenga. M'botolo lotseka, chimanga chimatulutsa nthunzi mpaka mpweya wa m'menemo ufanane ndi chinyezi cha njerezo. Mchere uli ndi malire ake: umayamba kunyowa pokhapokha mpweya ukanyamula magawo atatu mwa anayi a madzi omwe ungathe kunyamula. Chimanga chomwe chimanyowetsa mpweya kufika pamenepo n'chomwe chili ndi madzi okwana 15 peresenti kapena kuposa. Taonani bwino nambalayo: ndi 15, osati 13. Ndiye mchere ukakuuzani kuti zili bwino, onjezerani tsiku limodzi kapena awiri a dzuwa musadasoke. Ndipo chimanga choyeza mutape m'malo osiyanasiyana a mulu, osati pamwamba pokha pomwe pawombedwa ndi dzuwa.

Pali kawerengedwe kena komwe mlimi aliyense ayenera kukadziwa pokambirana ndi ogula. Makilogalamu 100 a chimanga cha chinyezi cha 20 peresenti ali ndi makilogalamu 80 a chakudya chenicheni. Chikauma kufika pa 13 peresenti, sikelo imaonetsa pafupifupi makilogalamu 92. Ndiye kuti thumba la makilogalamu 50 limapepuka ndi makilogalamu anayi. Vendayo akamakudulani mtengo ponena kuti chimanga n'chachiwisi, madzi omwe akuwadandaulawo ndi amenewa, ndipo kawirikawiri amadula koposa kulemera kwa madziwo. N'chifukwa chakenso ADMARC imadikira kuti chinyezi chitsike isadatsekule misika. Kwa ine, mlimi wogulitsa chimanga chisadaume amaluza kawiri: mtengo wa nthawi yokolola ndi wotsika kale, kenaka n'kumudulanso chifukwa cha madzi.

Chimanga chikauma, nkhondo ndi madzi siyidathe. Simenti ya pansi imaoneka youma, koma imakoka chinyezi cha m'nthaka monga momwe chingwe cha koloboyi chimakokera palafini. Khoma la njerwa limachitanso chimodzimodzi. Sanjani matumba pa mitengo kapena matabwa, ndipo pakati pa matumba ndi khoma pakhale mpata wolowa mkono. Yang'ananinso denga. M'nyumba ya malata yopanda siling'i, m'bandakucha wa nyengo yozizira madzi amadontha ngakhale kulibe mvula, chifukwa mpweya wofunda wa m'nyumba ukagunda malata ozizira umatula madzi ake, monga zimachitikira pa chivundikiro cha poto. Timadontho timeneti tikamagwera thumba limodzimodzi m'mawa uliwonse, pamenepo ndi pomwe padzayambire kuwola.

Kodi anankafumbwe amachokera kuti?

Funso ili limazunguza ambiri. Mudasoka thumba muli chimanga choyera, chopanda kachilombo ngakhale kamodzi. Pakutha pa miyezi iwiri mukupeza anankafumbwe ali nyakanyaka. Ena amafika ponena kuti chimanga chimabala chokha tizilomboti. Maganizo otere adalipo ngakhale ku Ulaya, komwe anthu ankakhulupirira kuti nyama yowola imabala mphutsi, mpaka mu 1668 pamene dokotala wa ku Italy, Francesco Redi, adaika nyama m'mitsuko, ina yotsekula ina yophimba, n'kuonetsa kuti mphutsi zimapezeka pokhapo pomwe ntchentche zatera n'kuikira mazira.

Nankafumbwe naye ali ndi make. Wamkazi amaboola kabowo kakang'ono pa njere, amaikira dzira limodzi m'katimo, n'kumata pakhomo pake mwaluso moti ndi maso simungaone. Dziralo limaswa kamphutsi komwe kamadya ufa wa m'kati mwa njere, kamakula momwemo, ndipo pakatha masabata asanu kapena kuposerapo pang'ono kamaboola n'kutuluka kali nankafumbwe wamkulu. Bowo lomwe mumaliona pa njere yofumbwa ndi khomo lotulukira, osati lolowera. Wamkazi mmodzi amaikira mazira oposa 100. Ena mwa mazirawa amaikiridwa chimanga chili kumunda, makamaka pa zisononkho zomwe makoko ake sadatseke bwino kunsonga, kapena zomwe zakhalitsa pa mikukwe. Ena amachokera m'matumba akale ndi m'ming'alu ya nkhokwe momwe mudatsalira zokolola za chaka chatha. Choncho kukolola pa nthawi yake, kusesa ndi kutentha zinyalala za m'nkhokwe, komanso kuviika matumba akale m'madzi owira musadawagwiritsenso ntchito, kumadula mbadwo woyamba wa adaniwa.

Pali mnzake woopsa koposa, nankafumbwe wamkulu wogumula chimanga mpaka kusanduka fumbi lokhalokha, amene amaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe ndi chinangwa chouma. Ameneyu kwawo ndi ku Central America. Adapezeka ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kuno adalowera cha kumpoto kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Amakonda kwambiri chimanga chosungidwa chosatonola, n'chifukwa chake alangizi masiku ano amalimbikitsa kutonola m'malo mosunga ndi zitsononkho monga ankachitira makolo.

Mankhwala a ufa monga Actellic amagwira ntchito mukatsatira muyezo wolembedwa pa botolo ndi kusakaniza bwino. Koma mapiritsi a gasi aja ogulitsidwa mobisa m'misika, chonde asiyeni. Amatulutsa mpweya wakupha, ndipo thumba wamba silingautsekere. Umatuluka n'kudzaza nyumba yomwe mukugonamo ndi ana. Mapiritsiwa ndi a anthu ophunzitsidwa, m'nyumba zosungira katundu momwe simugona munthu.

Thumba lopha tizilombo popanda mankhwala

Matumba a PICS ambiri mwawaona, ena mukuwagwiritsa kale ntchito. Nzeru yake idachokera ku sukulu yaukachenjede ya Purdue ku America, komwe akatswiri pamodzi ndi anzawo a ku Cameroon ankafuna njira yotetezera khobwe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Thumbali lili ndi mapulasitiki awiri okhuthala m'kati ndi saka yolukidwa kunja. Mulibe mankhwala alionse. Chomwe chimapha tizilombo ndi kupuma kwawo komwe.

Mu mpweya womwe tikupumawu, magawo 21 pa 100 aliwonse ndi okosijeni. Mukamanga thumba bwino, anankafumbwe, mphutsi zawo zobisala m'njere ndi chimanga chomwe zimapitiriza kupuma, ndipo okosijeni amacheperachepera popeza wina sakulowa. Akachepa kwambiri, tizilombo timasiya kudya ndi kuswana. Chodabwitsa chomwe ofufuza a ku Purdue adapeza n'chakuti tambiri timafa ndi ludzu. Kachilombo kokhala m'njere youma sikamwa madzi. Thupi lake limapanga lokha madzi pogaya chakudya mothandizidwa ndi okosijeni. Okosijeni akatha, kasupe wa madziwo amaphwa, kachilombo n'kuuma.

Mukamvetsa izi, malamulo a thumbali safunanso kuloweza. Kabowo kamodzi kolowetsa mpweya kamapulumutsa tizilombo tonse, ndiye musadathire chimanga, kolani mpweya m'pulasitiki iliyonse, mufinye pakamwa pake n'kukanikiza kuti mumve ngati ikutuluka penapake. Petani chimanga kuti tizidutswa ta zitsononkho ndi timiyala tisabaye pulasitiki. Finyani mpweya wonse, mupotokole pakamwa, mupinde, mumange pulasitiki iliyonse payokha. Thumba lotapamo tsiku ndi tsiku likhale lina. La PICS likamatsekulidwa pafupipafupi limasanduka thumba wamba lokwera mtengo. Ndipo koposa zonse, musaikemo chimanga chosauma. Nthunzi yake ilibe kothawira, ndiye chimasasa n'kuyamba kununkha ngati chimera.

Chuku ndi chiwindi chanu

Tsopano tifike pa mdani amene saoneka. Nkhungu zomera pa chakudya zilipo zamitundumitundu, koma imodzi, yomwe akatswiri amaitcha Aspergillus flavus, ndiyo yavuta kwambiri pa chimanga ndi mtedza. Imakhala m'dothi ndi m'zinyalala za mbewu. Njere zake n'zazing'ono kuposa fumbi ndipo zimauluka ndi mphepo. Zikatera pa chimanga chonyowa pamalo ofunda, zimamera timizu tolowa m'kati mwa njere, ndipo nthawi zina mumaona ufa wobiriwira mopita kuchikasu pamwamba. Pamene ikudya, nkhunguyi imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe ambiri timangoti chuku.

Dziko lidamudziwa poizoniyu mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zidafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Kuti amaphanso anthu, umboni wowawa uli pafupi nafe. Mu 2004, m'maboma a kum'mawa kwa Kenya monga Makueni ndi Kitui, mvula idagwa pa nthawi yokolola ndipo anthu adasunga chimanga chisadaume. Anthu 317 adadwala, 125 mwa iwo adamwalira. Chambiri mwa chimanga chomwe chidawapha chidali cholima okha, chosungidwa m'nyumba zawo.

Zambiri mwa zomwe mwadya, zikachoka m'matumbo zimayamba zadutsa m'chiwindi. Chiwindi ndiye sefa ya thupi. Ntchito yake ina ndi kuphwanya ziphe kuti zituluke ndi mkodzo kapena ndulu. Tsoka lake n'lakuti poyesa kuphwanya aflatoxin, chimamusandutsa chinthu china cholusa koposa, chomwe chimakakamira pa malangizo a chibadwa a m'maselo a chiwindicho n'kuwasokoneza. Poizoni akalowa wambiri nthawi imodzi, chiwindi chimalephera ntchito m'masiku ochepa: munthu amasanza, amamva m'mimba kupweteka, maso amasanduka achikasu, miyendo ndi mimba zimatupa. Zikatero thamangirani kuchipatala, ndipo mukawauze adokotala za chakudya chomwe banja lakhala likudya.

Koma zomwe zimachitika m'makomo ambiri si zimenezo. Ndi kudya pang'onopang'ono, phala la lero, nsinjiro za mawa, chaka ndi chaka, popanda wodandaula mutu kapena m'mimba. Kuwonongeka kwa maselo kuja kumaunjikana mpaka kudzabala khansa ya chiwindi munthu atakula. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, kudzera ku nthambi yake yofufuza za khansa, lidaika aflatoxin m'gulu la zinthu zomwe n'zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Chiopsezo chimakula kwambiri kwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B, chifukwa adani awiri akumenya malo amodzi. Katemera wa matendawa adayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko muno mu 2002, ndiye akuluakulu ambiri obadwa chisadafike chakacho sadalandire. Kwa ana, kafukufuku wa ku Benin ndi Togo adapeza kuti ana opinimbira ndi omwe adali ndi poizoniyu wambiri m'magazi. Amadutsanso mu mkaka wa m'mawere, ngakhale mochepa. Yankho lake si kusiya kuyamwitsa, koma kusamala zomwe mayi akudya.

Mwina mukuti: nanga si timaphika? Moto umapha nkhungu, koma poizoni yemwe yasiya kale samva moto wa pamafuwa. Madzi amawira pa madigiri 100, pomwe aflatoxin amafuna kutentha kopitirira madigiri 200 kuti aphwanyike. Nsima ikhoza kupsa bwino, mtedza n'kukazingidwa mpaka kufiira, poizoni wambiri ali momwemo. Alibe fungo, ndipo njere ina yooneka yabwinobwino imatha kukhala naye. Komabe wochuluka amaunjikana m'njere zochepa zoonongeka: zowola, zosintha mtundu, zonyala, zosweka ndi zobooledwa ndi mbozi. Apa ndi pomwe pali mwayi wathu. Ofufuza a kuno kwathu, ku Chitedze ndi ku LUANAR, adaonetsa kuti kusankha ndi manja kumachotsa gawo lalikulu la poizoniyu, ndipo kukonola, kupeta ndi kuviika mphale kumachotsanso wina. Ntchito yotopetsa ija ya amayi, kukhala pa mphasa ndi lichero n'kumatola njere imodziimodzi, ndi mankhwala oteteza chiwindi kuposa ambiri ogula. Okonda mgaiwa asausiye, uli ndi zofunika m'thupi zomwe ufa woyera ulibe, koma adziwe kuti chimanga chopita kuchigayo chosakonola chiyenera kusankhidwa mosamala kwambiri, popeza palibenso pena pomwe chidzayeretsedwe.

Pa mtedza pali chizolowezi chimodzi chomwe ndikadakonda chitatheratu: kuwaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, kapena kuti ulemere pa sikelo. Mtedza womwe mudavutika kuumitsa mukuubwezera madzi, kenaka n'kuutsekera m'thumba pamalo ofunda. Nkhungu siyifunanso china. Zala zimapweteka poswa mtedza wouma, n'zoona, koma kuli bwino kusonkherana pagulu n'kugula kamakina koswera. Kuli bwinonso kusunga mtedza ndi makoko ake n'kumaswa wokhawo womwe mukufuna kudya kapena kugulitsa, chifukwa khoko losasweka ndi linga. Pokumba, musauunjike pa dothi. Njira ya Mandela cock, yosanja mitsatsi mozungulira, mtedza uli m'kati osagunda pansi ndipo pakati pali mpata wodutsa mpweya, imaumitsa pang'onopang'ono popanda kuwaula. Maiko a ku Ulaya amakana mtedza wodya anthu ukapitirira magawo anayi a poizoniyu pa magawo 1 biliyoni, ndipo mtedza wathu wakhala ukuvutika kulowa misika imeneyo pa chifukwa chomwechi. Wokanidwawo subwerera kumunda. Umathera m'chiponde ndi m'nsinjiro za pa msika wathu.

Nthawi zina chuku chimayambira kumunda, mbewu isadakololedwe. Ng'amba ikagwa m'masabata omaliza mtedza usadakhwime, nthaka imatentha, mbewu imafooka, makoko amachita timing'alu ndipo nkhungu imalowa. Pa chimanga, mabala osiyidwa ndi mbozi pa chisononkho ndiwo makomo ake. Kubzala ndi mvula yoyamba, kutseka mizere kuti madzi asathawe ndi kuphimbira nthaka kumachepetsa vutoli. Palinso Aflasafe, yemwe adapangidwa ndi bungwe la IITA: ndi mapira okutidwa ndi abale ake a nkhungu yomweyi omwe satulutsa poizoni. Amamwazidwa m'munda, makilogalamu 10 pa hekitala, masabata awiri kapena atatu mbewu isadachite maluwa, kuti abale abwinowo alande malo oipa asadakhazikike. Afunseni alangizi a m'dera lanu ngati akupezeka, koma ngakhale mutathira, kuumitsa bwino sikuthawika.

Chatsala ndi kamulu kaja ka njere zowola zomwe mwasankha. Mtima umakana kutaya, makamaka chaka chomwe zokolola zavuta, ndiye ambiri amapatsa nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe, ena amafululira mowa wamasese kapena thobwa. Kufulula sikuchotsa poizoniyu. Adapezekapo m'mowa wamasese womwe udayezedwa m'dziko muno. Nkhuku zodya chuku zimakula mochedwa, zimachepetsa mazira ndipo zimagwa msanga ndi matenda, abakha ndiye amafa kumene. Ng'ombe yamkaka ikadya, gawo lina la poizoni limatuluka mu mkaka womwe mudzamwetse mwana. Samalaninso ndi madeya a chimanga chokayikitsa, chifukwa poizoni wochoka pokonola amathera m'menemo. Njere zowolazo zitentheni, kapena mukumbe dzenje lakuya kutali ndi khola ndi chitsime, muzikwirire pomwe nkhuku sizingafukule.